Dzina la Amake Shiuli

Klang, Malaysia
7 Seputembala 2003

Mlamu wanga Jalil,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi akazi ako ndi ana. Ndamva kwa anthu obwera kumene kuti chaka chino madzi sanakwere kwambiri ku Sonakhali. Ngati ndi zoona, tithokoze Allah. Ine ndilipo. Ndikuphikabe pamalo odyera omwe aja, ndipo mwendo wasiya kutupa.

Sindinakulembere chichokere achemwali ako. Ndinkati ndikakhala pansi ndi cholembera, mawu osabwera. Lero ndili ndi chifukwa.

Bungwe lathu la anthu a ku Bangladesh kuno limachita msonkhano chaka chilichonse mu Disembala, pokumbukira tsiku limene nkhondo ya ufulu inatha. Pamsonkhanopo amapereka zishango kwa anthu amene athandiza anzawo osalandira kanthu. Chishangocho ndi kathabwa kopala bwino, pakati pake pali kachitsulo kolembedwa dzina. Chaka chino akuti chimodzi chikhale cha amake Shiuli, chifukwa cha ntchito yawo yosambitsa maliro. Akazi akwathu kuno ndi ochepa. Mmodzi akamwalira kufakitale kapena kuchipatala, anthu ankabwera kudzagogoda kwathu, achemwali ako n'kutenga nsalu yawo n'kunyamuka.

Anandiuza ndi a Delowar, mlembi wa bungwe, amene amagulitsa makadi a foni. Anandipeza kukhitchini ndikusenda anyezi.

"Achimwene, tilembe dzina liti pachishango cha Bhabi?"

Kuno aliyense ankawaitana choncho, Bhabi, ngati onse anali alamu awo.

Ndinati, "Lembani kuti amake Shiuli."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Limenelo ndi dzina? Kodi tili pachitsime? Padzakhala alendo ovala mataye, achimwene. Tipatseni la m'pasipoti."

La m'pasipoti si lawo, iwenso ukudziwa. Dobadoba amene anatipezera ntchito anati sangatumize mwamuna ndi mkazi wake limodzi, choncho anawakonzera pasipoti ya dzina la Firoza Begum wa ku Comilla, kumene sanapondeko n'kamodzi komwe. Dzina limenelo lili pamapepala a chipatala, lilinso pakamwala ka pamanda. Sindikufuna likhalenso pachishango.

Tsono ndikupempha undilembere dzina lawo lenileni, limene malemu apongozi anawapatsa atabadwa. Ine sindikulidziwa. Kwanu munkawaitana Wapakati, kwathu amayi ankati Mtengwa, ndipo mwana atabadwa anakhala amake Shiuli mpaka tsiku lomaliza. Usandiyankhe pafoni ya kumsika. Dzina la mkazi si lokuwa pasitolo ya tiyi amuna atatchera khutu. Ulembe.

Upereke moni kwa onse.

Mlamu wako,
Motaleb Howlader


Sonakhali, Barisal
3 Okutobala 2003

Alamu,

Walaikumu salamu. Kalata yanu yafika. Tonse tili moyo, koma amene anakuuzani za madzi ayenera kuti amagona pamwamba pa mtengo wa kokonati. Madzi analowa mpaka m'khitchini, abakha anapita osatsazika. Denga likudontha pomwe pamagona ana, ndipo malata kuno akwera mtengo. Inu a ku Malaysia mwina zimenezi simuzimva. Akamabwera munthu musaiwale wotchi ija munalonjeza.

Kalata yanu ndinaiwerenga ndekha, kenako ndinawerengera mkazi wanga. Anati, "Munthu kudya mpunga wa mkazi zaka zonsezi osadziwa dzina lake? Ng'ombe yathu yomwe timaidziwa dzina." Ndinamukalipira, koma alamu, nanenso ndinaseka.

Nditasiya kuseka ndinayamba kuganiza.

Achemwali atamwalira simunatitumizire thupi. Ena onse amabwera. Mwana wa a Sikdar anagwa panyumba yosanja ku Singapore, anabwera m'bokosi, tinamuika pambali pa agogo ake. Ife tinangomva pafoni kuti mwaika kale, ngati munthu wopanda kwawo. Sindinanene kanthu nthawi imeneyo chifukwa munali pa chisoni.

Chinanso ndi nkhani yosambitsa maliroyi. Ife tinkauza anthu kuti achemwali amagwira ntchito pafakitale ya magolovesi. Ntchito ya mitembo ili ndi madalitso, shehe amatero, sindikukana. Koma kuno amaigwira ndi agogo osowa wowadyetsa, amene amawapatsa mpunga ndi nsalu yakutha. Mwana wa a Mridha kulengezedwa pachimkuzamawu kuti ankasambitsa atsikana osadziwika kwawo? Mukanatifunsa kaye eni akefe.

Tsono tinene zoona. Munda wa bambo wa kuseri kwa dziwe sunagawidwe. Papepala la mundawo pali mayina athu atatu: ine, achemwali aakulu a Hajera, ndi malemu. Mwezi watha kunabwera anthu ofuna kukumba maiwe a nsomba, ndipo anatchula mtengo wabwino. Tisanapume n'komwe, nayi kalata yanu, yofuna dzina lolembedwa ndi dzanja langa. Mwamuna ali ndi gawo pa chuma cha mkazi wake, lamulo ndimalidziwa, sindine mwana. Ngati mukufuna gawolo nenani poyera. Musandizungulire ndi nkhani ya kathabwa.

Ana akupereka moni. Wamng'ono akuti wotchiyo ikhale yoyaka mumdima.

Mlamu wanu,
Jalil Mridha


Klang
19 Okutobala 2003

Mlamu wanga Jalil,

Salamu alaikumu. Pepa za abakha ndi denga. Pali mnyamata wa ku Patuakhali amene abwere kumudzi ikatha Idi, ndimupatsira kangachepe ka malata.

Za munda sindinkazidziwa, ndipo sindikuufuna. Ndikaulima ndi ndani?

Akazi ako sanalakwe kuseka. Koma uwauze mmene zinakhalira. Tsiku la ukwati ndinali mnyamata wosayamba n'kumeta komwe. Anandikhazika pakati pa amuna, kampango pakamwa monga achitira akwati onse, thukuta lili chuchuchu. Shehe anawerenga dzina, inde. Ine ndinkangomva mtima wanga ukugunda, ndi iwe, unali kamwana, ukulira chifukwa anzako anakutsogolera kubisa nsapato zanga, mwambo uja wa ana paukwati. Ndinangoti ndavomera, katatu. Pepala la ukwati linapita ndi madzi osefukira a 1988 pamodzi ndi bokosi lomwe.

Unena kuti bwanji sindinafunse. Bambo anga sanatchulepo dzina la amayi, agogo chimodzimodzi. Ndikafuna madzi ndinkangoti, "Mukumva?" iwo n'kutulukira. Zinkakwana. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

M'nyumba ya amayi, achemwali ako analimbira chinthu chimodzi chokha, dzina la mwana. Amayi ankafuna Fatema. Mtengwa wosayankhula uja anakweza mutu n'kunena kuti, "Ndi Shiuli," dzina la timaluwa toyera tija timagwa m'bandakucha. Amayi anati limenelo si dzina la m'Buku. Iwo anakana chakudya mpaka amayi anagonja. Sindinawaonenso akulimbira kanthu chotero.

Mwanayo atagwera m'dziwe n'kumwalira, ukukumbukira, anakana kuti agogo a m'mudzi amugwire. Anamusambitsa okha. Ntchito imene ikukuchititsa manyaziyo inayambira pamenepo. Kuno sanalandirepo mpunga kapena nsalu kwa munthu. Sanda yomwe nthawi zina ankagula okha pa malipiro a kufakitale.

Za thupi. Pamapepala amene anamwalira ndi Firoza Begum, ndipo bokosi likanapita ku Comilla, kwa anthu amene satidziwa. Kuwongola zimenezo kukanatenga miyezi iwo ali m'chipinda chozizira. Anali ataona atsikana ambiri akudikira m'menemo. Anandiuza kalekale kuti, "Ine mudzandiike tsiku lomwelo, pomwe ndagwera." Ndinachita zomwe ananena. Anawasambitsa ndi Jobeda, mtsikana wa kufakitale kwawo amene anamuphunzitsa okha.

Dzulo a Delowar anabweranso.

"Achimwene, dzina lija likubwera pa ng'ombe kodi?"

"Likubwera."

"Ndiye mukonzekenso kuyankhula. Mudzanene kuti anasambitsa angati. Anthu amakonda manambala."

Ndinati sindikudziwa. Sanandikhulupirire, koma ndi zoona. Wosambitsa maliro sanena zimene waona, ndilo lamulo la ntchitoyo, ndipo iwo analisunga ngakhale kwa ine. Ndinkangodziwira fungo la kamfa, mankhwala osambitsira maliro, m'manja mwawo, ndi kuti tsiku limenelo sankadya, ankangomwa tiyi wopanda mkaka atakhala pakhomo.

Wolemba pachitsulo akufuna mayina onse kumayambiriro kwa Disembala. Jalil, ndi mawu amodzi okha. Malo ena onse kuno atengedwa ndi dzina la mlendo. Patsala kathabwa kameneka.

Ramadani yabwino kwa nonse.

Mlamu wako,
Motaleb


Sonakhali
8 Novembala 2003

Alamu,

Walaikumu salamu. Tikusala bwino, ngakhale mtengo wa anyezi ukufuna kutithandiza kusala ndi usiku womwe.

Nditawerenga za Shiuli ndinalira, sindibisa. Ndine ndinamuphunzitsa kuimba likhweru, mwaiwala? Ndipo nsapato zanu pamapeto pake ndinazipeza ndine, zinali m'nkhokwe.

Koma misozi siisaina pepala. Ndinakamba ndi munthu wodziwa za minda kumsika. Anati, "Jalil, onse amayamba choncho, mawu amodzi okha. Mawa lake akubwera ndi woyeza malire." Ine sindikunena kuti ndinu otero. Koma muli kutali, ndipo anzanu a mataye ndi ochenjera. Ine ndili ndi ana aakazi oti ndikwatitse.

Tichite chonchi. Pitani ku ofesi ya kazembe, mukalembetse kuti simudzafuna kanthu pamunda wa a Mridha, adinde chidindo. Tsiku lomwe pepalalo lifike, dzina ndikulemberani, ngakhale ndi zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha sitolo.

Mnyamata wa ku Patuakhali tikumudikira.

Jalil


Klang
23 Novembala 2003

Achemwali a Hajera,

Salamu alaikumu. Landirani ulemu wanga. Sindinakulemberenipo kalata m'moyo mwanga, ndipo mudabwa. Ndine Motaleb, mwamuna wa mng'ono wanu. Ndikhulupirira maondo akukulolani kuswali, ndi kuti a ku Char Dhulia nonse mudya Idi yabwino. Amene akukuwerengerani kalatayi, nayenso alandire moni.

Anthu akwathu kuno akufuna kuthokoza amake Shiuli pa ntchito yosambitsa maliro imene ankagwira osalipidwa. Apereka chishango cholembedwa dzina lawo mwezi wamawa. Ine dzinalo sindikulidziwa. Ndinafunsa Jalil, koma iye akuganiza kuti ndikufuna munda. Anandituma pepala la ku ofesi ya kazembe.

Ndinapita. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera sitima m'mamawa, ndinaima pamzere ndikusala kudya. Nditafika pawindo, kalaliki anayang'ana mapepala mwaulemu n'kufunsa, "Bambo, inu ndinu ndani kwa Firoza Begum?" Ndinati ndine mwamuna wake. Anati, "Pano palembedwa kuti sanakwatiwe. Nanga mkazi wanu wa kwa Mridha dzina lake ndani?" Anthu a kumbuyo anayamba kudandaula kuti ndikuchedwetsa mzere. Ndinatola mapepala anga n'kutuluka.

Ndiye pepala la dzinalo likufuna dzinalo.

Jalil sindikumuimba mlandu. Ali ndi ana, ndipo anthu amamuopseza. Koma inu munawalera mng'ono wanuyo, munalipo pamene apongozi ankawatcha dzina. Ndikukupemphani. Ngati kalatayi iyenda bwino, ndipo yanu ikanyamuka msanga, mwina tipezerera. Ndapempha a Delowar, mlembi wa bungwe, kuti chishango chawo chilembedwe pomalizira.

Masiku ano ndimaphika chakudya chofuturu, chomasulira kusala dzuwa likalowa, cha anthu ambiri, koma kunyumba ndimafuturu ndi madzi. Ankakazinga mabiringanya mopyapyala kwambiri. Ndayesa, sizikutheka.

Mundipempherere.

Mlamu wanu,
Motaleb


Klang
22 Disembala 2003

Achemwali a Hajera,

Salamu alaikumu. Sindikudziwa ngati kalata yanga yoyamba inakupezani. Ndikulembabe, chifukwa wina wa kwawo ayenera kumva mmene zinayendera.

Msonkhano unachitika dzulo. Wolemba pachitsulo anadikira mpaka anatopa. A Delowar anandiuza kuti, "Achimwene, musade nkhawa, ndakonza mwachizungu, mudzaona." Sindinafunse. Ndinali ndi ntchito, popeza bungwe linagula chakudya cha msonkhano kwa abwana anga, ndipo biriyani yonse, mpunga wophika ndi nyama, ndinaphika ndine. Nditamaliza ndinasamba, ndinavala malaya oyera amene iwo anandisokera mabatani, ndinakwera kuholo.

Anthu anadzaza. Amuna kutsogolo, akazi ochepa kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anayankhula wapampando, anayankhula wachiwiri wake, anayankhulanso mlendo wolemekezeka mpaka ana anagona. Zishango zinayambira kwa amalonda amene anapereka mipando ndi zimkuzamawu. Kenako anyamata a mpira. Kenako munthu amene amaperekeza odwala kuchipatala kukawamasulira Chimalaya, ameneyo anayeneradi. Pamenepo n'kuti miphika atayamba kuikweza pamasitepe, fungo lili ponseponse, anthu akucheukira kumbuyo.

A Delowar anawerenga mwachangu zimene analemba pachitsulo: "Mrs. Motaleb Howlader." Ndiko kukonza kwawo kuja, kuti mkazi wa Motaleb. Chimkuzamawu chinali chikulira, ndipo mawu oyambawo palibe anawamva. Anangomva Motaleb.

Nditaimirira, amuna anayamba kuwomba m'manja ndi kukuwa.

"Wophika! Wophika wathu!"

"Mupatseni ziwiri, biriyani yake imadzutsa akufa!"

"Achimwene, nyama yambiri mbale yanga, ndakuwomberani kwambiri!"

Sankanyoza, achemwali. Ankandikonda. Ndinayenda mpaka kutsogolo akundisisita pamsana. Mlendo wolemekezeka anandigwira chanza n'kundiuza kuti kudyetsa anthu ndi ntchito yaikulu. Wojambula anati ndimwetulire.

Kumbuyo Jobeda anaimirira, mtsikana amene mng'ono wanu anamuphunzitsa ntchito. Ndi wamanyazi, koma anakuwa, "Ndi cha Bhabi chimenecho! Amuna inu, ndi cha Bhabi!" Akazi anzake anaimirira naye. Amene anali pafupi anamva n'kutsitsa manja. Ena onse anali atayamba kale kukankhana pamzere wa mbale.

Anandipatsa chimkuzamawu. Ndinali nditakonza mawu ochepa m'mutu, koma onse ankayamba ndi dzina. Ndinangoti, "Si changa." Wina anayankha, "Kudzichepetsa, achimwene!" ndipo anaseka.

Chakudya chitatha a Delowar anabwera, maso ali pansi. "Pepani achimwene. Chaka chamawa tidzakonza." Ndinawauza kuti asavutike. Iwo anachita zimene akanatha ndi zimene ndinawapatsa.

Chishango chili pano patebulo. Ndi chokongola. Pali dzina langa.

Mlamu wanu,
Motaleb


Char Dhulia
11 Januwale 2004

Alamu,

Walaikumu salamu. Ndine Hajera. Akulemba ndi mpongozi wanga Rumana, ndamuuza alembe zonse mmene ndikunenera, asakongoletse.

Makalata anu onse awiri ndawamva dzulo. Ndinali kwa mwana wanga wamkazi kutsidya, anali woyembekezera, ndinapita Idi isanafike ndipo ndabwera dzana. Wabereka mwana wamwamuna, wamakutu ngati agogo ake, Allah amuthandize. Mwana wanga wamwamuna, mwamuna wa Rumanayu, anaona sitampa ya kunja n'kuganiza kuti muli ndalama. Anaopa kutsegula ine kulibe, anawabisa m'chitini cha mpunga. Ndamuuza kuti mutu wake ndi dzungu. Rumana akuti asalembe zimenezo. Lemba.

Jalil ndikamuona ndekha. Ndinamuchotsa mamina ameneyo, lero azigulitsa dzina la mlongo wake ngati mbuzi? Munda wake womwewo umamera udzu wokha.

Inunso alamu, ndili nanu mawu. Munazungulira kwa Jalil, kwa kazembe, kwa amuna a mataye. Dzina la mkazi mumafunsa amuna? Mukanayambira kwa ine. Koma basi, madzi akatayika saoleka.

Dzina lake ndi Shefali.

Anabadwa mvula itangotha, nthawi imene kamtengo ka kuseri kwa khitchini kamagwetsa maluwa. Amayi anatuluka m'mawa, anaona pansi pali mbuu, n'kunena kuti ameneyu ndi Shefali. Bambo anawonjezera Khatun chifukwa cha mapepala. Tinamuitana choncho mpaka Jalil atabadwa, pamenepo anasanduka Wapakati, dzina lija n'kulowa m'bokosi.

Tsono inu munapita kusukulu, ine ayi, koma ndikufunseni. Shefali ndi shiuli si duwa limodzi? A m'mabuku amati shefali, ife a kumudzi timati shiuli. Kamtengo kamodzi komweko.

Atabwera kudzationetsa mwana koyamba, anandikokera kukhitchini, akuseka atatseka pakamwa ndi nsalu. Anati, "Achemwali, ndawapusitsa a kwa Howlader. Bambo wa mwanayu dzina langa sangalitchule ngakhale mutamuika pamoto. Koma tsopano azilitchula m'mawa ndi madzulo osadziwa." Ndinati iwe ndiwe mfiti. Anati musauze munthu. Sindinauze munthu mpaka lero.

Mwana uja atapita, ndinamufunsa. Ndinati, kodi sizikupweteka, anthu kumakuitanabe ndi dzina la mwana amene ali m'manda? Ndiuze alamu asiye? Anandigwira dzanja mwamphamvu. Anati, "Asiyeni. Akaitana amatiitana tonse awiri."

Rumana akulira, akuti sakuona polemba. Tadikira.

Za kusambitsa maliro, Jalil asakunamizeni kuti tonse tili ndi manyazi. Ine ndikadzafa ndikufuna manja ngati ake. Mtsikana uja anakuwa muholo, Jobeda, mumuuze kuti ku Char Dhulia kuli gogo amene akumupempherera.

Mudye, alamu. Mabiringanya muziyamba mwawaviika m'madzi a mchere, ndi mmene amayi anatiphunzitsira.

Ine,
Hajera


Klang
1 Febuluwale 2004

Achemwali a Hajera,

Salamu alaikumu. Kalata yanu yafika. Muthokoze Rumana chifukwa cha dzanja lake, ndipo mwana wanu musamukalipirenso. Mdzukulu wamakutuyo Allah amukulitse.

Jalil musamuvute kwambiri. Mumuuze kuti munda ndi wake, adzandilembere pepala lililonse ndidzasaina. Wotchi yoyaka mumdima inapita kale ndi mnyamata uja.

Chishango ndinapita nacho kwa wolemba pachitsulo. Anachotsa kachitsulo ka dzina langa n'kuika kena. Ndinamutchulira zilembo chimodzichimodzi, chifukwa dzina lonse silinkatuluka pamaso pa munthu. A Delowar anati tichisunge mpaka Disembala, adzachiperekenso pagulu. Ndinakana. Manja anawombedwa kale, ndipo anthu aja akudziwa kuti anathokoza wophika. Ndinachipereka kwa Jobeda. Wachipachika m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, mmene amasambitsiramo. M'menemo simulowa mwamuna, ndiye ine sindidzachionanso. Mawu anu ndinamuuza.

Zimene ananena kukhitchini kwanu zija ndakhala ndikuziganiza. Zaka zonsezo ndinkaitana kuti amake Shiuli, iwo n'kumatulukira akumwetulira pang'ono, ine n'kumaganiza kuti ndi chibadwa chawo. Ndikanafunsa tsiku limodzi lokha, akanabisa nkhope m'nsalu, koma ndikhulupirira akanandiuza.

Lachisanu titaswali ndinapita kumanda. Kamwala kakadali ndi dzina la mlendo uja, oyang'anira manda amatsata mapepala. Ndinazula udzu, ndinathira madzi. Panalibe munthu pafupi.

Ndinayamba monga mwa masiku onse. Ndinati, "Mukumva?" Ndinadikira pang'ono, monga ndinkadikirira kuti apukute m'manja atuluke kukhitchini.

Kenako ndinati, "Shefali."

Mlamu wanu,
Motaleb